Boma la Anthu Awiri ku Malaga

Zikomo abusa pondipatsa mpata. Abale ndi alongo, ndakulonjerani nonse m'dzina la Ambuye. Ambiri mumandidziwa kuti bambo a Tadala, koma amene munafika kalekale muno mu Perth mukukumbukira kuti dzina limeneli ndinkalikana. Ndinkafuna muzinditchula kuti Olemekezeka, ndipo munthu akaiwala ndinkamusungira mangawa. Lero ndikuuzani kumene ulemu umenewo unandifikitsa. Ndikudziwa kuti muno muli amuna anzanga amene kwathu anali mahedimasitala, mamanijala, mabwana a m'maofesi, ndipo pano akukolopa ndi kunyamula makatoni mtima ukuwawa. Ndikulankhula makamaka ndi inu.

Ine ndine wa ku Nkhotakota. Ndinali mphunzitsi wa sekondale, kenaka anthu anandisankha kukhala phungu wa nyumba ya malamulo. Ndinakhala teremu imodzi yokha. Chisankho chotsatira ndinagwa, ndipo galimoto, alonda ndi anzanga zonse zinachoka pamodzi. Akuluakulu amati ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame. Ine mamewo anandinyowetsa mpaka m'khosi.

Mayi a Tadala ndi namwino. Atapeza ntchito kuno ndinawatsatira ndi mwana wathu. Inali nthawi ija migodi inali pa moto, ntchito zikuchita kukuthamangira. Ndinalembedwa m'sitolo ya zipangizo pa mgodi wina kumpoto, kupita pa ndege, kubwera pa ndege. Munthu wanzeru akanakhazikika. Ine Perth ndinkamuona ngati depoti, malo odikirira basi. Chisankho chitayandikira ndinasiya ntchito ija, mayi a Tadala akulira, n'kupita kwathu kukapikisana. Sindinafike n'komwe pa chisankho chenicheni. Ndinagwa pa chipulula, wondigwetsayo ali mnyamata amene ndinamuphunzitsa ndekha Fomu 2.

Pobwerera kuno ndinapeza migodi yazizira. Anthu ankachotsedwa tsiku ndi tsiku, nyumba zolembedwa kuti zikugulitsidwa zili mbwee m'misewu. Ndinayenda m'maofesi mpaka nsapato kutha. Mapeto ake ndinapeza ganyu ku Malaga, dera la mafakitale muno mu Perth, pa nyumba yosungiramo katundu ya Mluya wina dzina lake Samir, wopikulitsa mpunga, mphodza, mafuta ophikira ndi zipatso za tende. Ntchito yanga inali kupakira katundu m'vani ndi kukasiya m'mashopu.

Kuseri kwa matumba a mpunga kunali kachipinda ka magalasi. M'menemo munkakhala bambo wina wokalamba, wamtali, watsitsi loyera, atavala suti ndi tayi ngakhale kunja kukutentha ngati ku Nsanje. Anali ndi tebulo, wailesi ndi foni. Ntchito analibe. Anzanga anandiuza kuti ndi amalume a Samir, ndipo palibe ankawalabadira.

Tsiku lina ndikudutsa ndinawapatsa moni wa Chisilamu, umene aliyense wokulira ku Nkhotakota amaudziwa. Anadzutsa mutu n'kuyankha, kenaka anandifunsa m'Chingerezi kumene ndinauphunzira. Ndinawauza kuti kwathu Aluya anafikako kalekale pa zombo, ndipo si zonse zimene anachitako zinali zabwino. Anamwetulira.

"Nanga kwanuko munkagwira ntchito yanji?"

"Ndinali phungu wa nyumba ya malamulo."

Abale, bambo aja anaimirira. Anamanga batani la jekete, anazungulira tebulo, n'kundigwira dzanja ndi manja awiri. "Khalani pansi, Olemekezeka," anatero. Chifikireni m'dziko lino palibe anali atandiimirirapo. Misozi inalengeza m'maso mwanga, ndili mu yunifomu yodzaza fumbi la mpunga.

Dzina lawo ndi dziko lawo ndizisunga, chifukwa abale awo alipo. Ine ndinkawatchula kuti a Nduna. Mbiri yawo anandiuza pang'onopang'ono, ndipo zina ndinaziona pa zithunzi. Anabadwira m'mudzi wouma, bambo awo ali mlimi wa tende. Anali mwana woyamba m'mudzimo kufika ku yunivesite, kumene anaphunzira zamalamulo. Ali mnyamata analowa chipani chimene chinali choletsedwa, anamangidwa, anamenyedwa mpaka khutu limodzi linasiya kumva. Chipanicho chitalowa m'boma anawatuma kukalamulira chigawo cha kwawo komwe. Kuchoka apo anakhala nduna ya zamadzi, kenaka kazembe ku maiko a Azungu, kenaka nduna ya zam'dziko, kenaka wachiwiri kwa nduna yaikulu. Atakalamba anawapatsa mpando wa sipikala. Atsogoleri ankasintha, wina kufa, wina kuchotsedwa ndi asilikali, koma iwo ankapezeka aima pambali pa wotsatira. Ankanyadira kwambiri luso limeneli.

Ankakonda kukamba za damu limene anamangitsa, limene linafikitsa madzi m'midzi imene amayi ankayenda mtunda ndi abulu kukatunga. Nkhani imeneyi inali yoona, ndipo maso awo ankawala akamaikamba. Koma inalipo ina. Pamene anali nduna ya zam'dziko, ophunzira a ku yunivesite anachita zionetsero, ndipo iwo anasaina kuti atsogoleri awo atengedwe. Ena sanabwererenso kwa makolo awo. Ndinawafunsa ngati zimenezi zimawasowetsa tulo.

"Ndikanakana ine akanasaina wina," anatero, akupukuta magalasi. "Ndipo damu lija silikanamangidwa."

Ndinagwedeza mutu kuvomereza. Ndiye mudziwe mtundu wa munthu amene ndinali.

Kugwa kwawo kunabwera pamene anthu a dziko lawo anadzaza m'misewu, boma n'kuphwasuka. Nyumba yawo inatenthedwa. Anathawa ndi akazi awo kupita dziko loyandikana nalo, akaziwo n'kumwalirira komweko. Mwana wawo wamwamuna anasintha dzina. Amene anawalandira ndi Samir uja, mwana wa mlongo wawo, ndipo anawapatsa kachipinda kaja kuti azikhala ndi kolowera kukacha. Koma iwo sankadziona ngati munthu wothawa kwawo. Ankati ali pa tchuthi chokakamizidwa. M'mawa uliwonse ankamvera nkhani za kwawo, foni ili pafupi ndi dzanja, kudikira kuti awaitane.

"Anyamata amenewa sangayendetse dziko," ankatero. "Andifuna. Nanunso kwanu akufunani. Munthu wa ndale sapuma, amangodikira."

Mawu amenewa anali okoma kuposa uchi kwa ine. Ndinayamba kudyera nkhomaliro m'kachipinda kaja. M'kabati munkakhala botolo la kachasu wa Azungu, ndipo ankathira m'timatambula ta tiyi kuti Samir asadziwe. Tinkamwa masana dzuwa likuswa mtengo, tikukonza maiko athu awiri. Iwo ankasankha nduna zawo, ine ndinkasankha zanga. Ankandiphunzitsa mmene ungagawanitsire adani ako, mmene ungalankhulire pa maliro a munthu amene unkamuda. Ine ndinkawauza kuti ndikadzalowa m'boma adzabwera kwathu ngati mlendo wolemekezeka. Kunja fokolifiti ikulira, anzanga akundifunafuna kuti ndikapakire mpunga.

Kuchokera pamenepo zinthu zinatsetsereka msanga. Katambula kamodzi kanasanduka botolo langalanga, lobisa pansi pa mpando wa vani. Madzulo ndikafika kunyumba sindinkalankhula ndi mkazi wanga kapena mwana. Ndinkakhala pa foni ndi makomiti a kudera kwathu, kulonjeza kuti ndikubwera, kutumiza mauthenga ataliatali m'magulu a anthu a ndale, lilime litalemera. Tsiku lina masana apolisi anandiimitsa pa msewu n'kundiuziritsa kachipangizo kawo kaja. Laisensi inapita. Woyendetsa vani wopanda laisensi alibe ntchito, ndipo Samir anandiuza zimenezo mwaulemu, osandiyang'ana kumaso. Mayi a Tadala anayamba kugwira mashifiti awiriawiri. Ine m'mawa ndinkavalabe suti, n'kukwera basi kupita ku Malaga kukakhala ndi a Nduna.

Ena a inu munalipo pa phwando lija la Amalawi, pamene tinkasankha komiti yathu. Ndinaima nawo pa mpando wa wapampando, ndipo ndinachita kampeni ngati ndikufuna dziko lonse. Munasankha mayi wina wosamalira okalamba, ndipo munachita bwino. Ine ndinalanda maikolofoni nditaledzera. Ndinakutchulani kuti anthu otawa matewera a Azungu, anthu osadziwa kuti pakati panu pali mtsogoleri. Mkazi wanga anali pomwepo, atangochoka ku shifiti, yunifomu ili m'kati mwa chitenje. Tadala anatuluka akulira. Amene ndinakunyozani tsiku limenelo ndinakupepesani kale mmodzimmodzi, koma ndikubwerezanso pano.

M'mawa mwake ndinapeza mayi a Tadala atakhala pa tebulo, sutikesi yanga ili pakhomo.

"Bambo a Tadala, ndatopa," anatero. Mawu awo anali otsika. "Ine ndinakwatiwa ndi mphunzitsi. Munthu amene akukhala muno sindimudziwa. Mwana akuopa kubweretsa anzake pakhomo. Pitani kumene amakulemekezaniko."

"Mukuthamangitsa ine? Mukudziwa kuti ndine ndani?"

"Ndikudziwa. Ndinu amene mwaiwala."

Ndinanyamula sutikesi kupita kwa a Nduna. Ankakhala okha m'kafulati kamene Samir ankawalipirira. Anandilandira ndi manja awiri n'kunena kuti munthu wamkulu aliyense amadutsa m'chipululu. Ndinkagona pa sofa. Ndinasanduka wowasitira masuti, wowapukutira nsapato, wowanyamulira chikwama, wowatsegulira chitseko cha takisi. Ankanditcha mkulu wa ofesi yawo. Tinkadya buledi ndi tende, kwinako mowa. Mwana wanga anamaliza sekondale ine kulibe. Ndinamva kwa anthu. Panali masiku amene ndinkaima pa siteshoni ya sitima n'kumayang'ana njanji nthawi yaitali, ndipo sindikubisirani chimene ndinkaganiza.

Tsiku lina m'mawa ndikuwamanga tayi, ndinaona pakamwa pawo papotoka. Anafuna kulankhula, mawu osatuluka, kenaka anandigwera. Inali sitiroko. Ambulansi inawatengera ku chipatala cha ku Murdoch.

Atatsitsimuka, Chingerezi chonse chinali chitawachokera m'mutu. Chinatsala Chiarabu chokha. Ankandiyang'ana n'kumalankhula mwamphamvu, dzanja lamoyolo likuloza kukhomo, ine osamva kanthu. Chipatala chinaitana womasulira, mtsikana wovala mpango, ndipo zinangochitika kuti makolo ake anali ochokera ku dziko lomwelo. Atamaliza ndi madokotala ndinamutsatira pakhonde.

"Chemwali, akunena chiyani? Mwina ndi uthenga wofunika kwa anthu a dziko lawo."

"Akufunsa ngati galimoto za boma zafika," anatero. "Akuti ndege isanyamuke iwo asanakwere."

"Koma mukuwadziwa bambo amenewa? Mukudziwa kuti anali ndani kwanu?"

Anapepesa n'kunena kuti dzinalo sanalimvepo. Tsiku lotsatira atabweranso anandipeza pa benchi. "Ndinawafunsa mayi anga," anatero. "Anaganiza kanthawi, kenaka anati, kodi munthu ameneyo akadali moyo? Basi anapitiriza kuphika."

Ine ndinkayembekezera kuti mwina anthu a kwawo amawakonda, mwina amadana nawo. Sindinaganizepo kuti angathe kungopitiriza kuphika.

Mayi a Tadala amagwira ntchito m'chipatala chomwecho, ku wodi ina. Anamva kuti ndili kumeneko ndipo anabwera pa nthawi yawo yopuma. Anandipeza nditavala suti yonunkha thukuta, chibaba cha mowa chitandigwira. Sanandikalipire. Analowa, anawayang'ana a Nduna, anawakonzera pilo, anawapukuta malovu pachibwano. Potuluka anandipatsa sangweji imene anadzitengera kuti adye okha.

"Idyani," anatero. "Mwaonda." Anabwerera ku ntchito.

A Nduna anamwalira patapita masabata angapo. Asilamu sachedwetsa maliro. M'mawa wa tsiku loika ndinadzuka n'kusita suti yawo yabwino koposa, yakuda, imene ankati anavala polumbira kukhala sipikala. Ndinasankha tayi, ndinapukuta timendulo tawo. Ndinadziletsa kumwa. Ndinakwera basi nditainyamula m'mwamba kuti isakwinyike, mpaka ku mzikiti kumene ankasambitsa thupi.

Pakhomo ndinakumana ndi bambo wina wachikulire, manja a malaya atapinda. Ndinamupatsa suti ija. Anaiyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kunena mofatsa kuti, "M'bale wanga, zikomo, koma sitiifuna. Tawakulunga kale mu sanda."

Ine mwana wa ku Nkhotakota, maliro a Chisilamu ndawaona kuyambira ndili wamng'ono. Ndinkadziwa bwinobwino kuti munthu amapita mu nsalu yoyera basi. Koma mutu wanga unali utazolowera bodza mpaka ndinkaganiza kuti a Nduna awapatula. Ndinaima panja pa mzikiti nditanyamula suti ya munthu wakufa, osadziwa koiika.

Kumanda tinalipo anthu owerengeka: Samir, shehe, antchito awiri a ku Malaga, ndi ine. Onyamula jeneza anaperewera, mpaka shehe anakapempha amuna amene anabwerera maliro ena kuti atithandize. Anabwera mwaulemu, osafunsa kuti womwalirayo ndi ndani. Suti ndinaisiya pa udzu n'kugwira nawo kutsogolo. Thupi linali lopepuka ngati la mwana. Panalibe mbendera, panalibe wolankhula. Mchenga wa kuno ndi wofewa, dzenje linadzaza mosavuta.

Anthu atabalalika ndinatsala ndi Samir. Ndinafuna kumutonthoza, ndiye ndinati, "Dziko lanu lachita nkhanza. Munthu wotumikira moyo wake wonse kumukaniza ngakhale kukafera kwawo."

Samir anatembenukira kwa ine. Maso ake anali ofiira.

"Anakuuzani choncho? Palibe anawakaniza. Boma latsopano linalengeza kalekale kuti okalamba onse a boma lakale akhoza kubwerera, bola akakhale ngati anthu wamba. Mayi anga anawakonzera chipinda kumudzi. Ankaimba foni mlungu uliwonse, kuwapempha kuti achimwene bwerani, tidzaonane tisanafe. Ine ndinali wokonzeka kuwagulira tikiti."

"Nanga bwanji sanapite?"

"Anafunsa kuti pa bwalo la ndege akawalandira ndani. Nditawauza kuti akawalandira msuweni wanga pa galimoto yake ya mbuzi, anati sangatsike ndege ngati munthu wobwera kudzafuna ntchito. Anati adikira mpaka awaitane moyenera." Anapukuta nkhope. "Mayi anga anamwalira akudikira. Pa tsiku la maliro awo, amalume anavala suti n'kupita ku kachipinda kaja kukamvera nkhani."

Anatola suti ija pa udzu n'kundipatsa. "Tengani, ikukwanani. Matupi anu ndi ofanana."

Abale, sindinganene kuti ndinaona kuwala kapena kumva mawu ochokera kumwamba. Chimene ndinamva ndi mantha, ozizira, kuyambira kumapazi. Chifukwa nanenso ndili ndi mayi kumudzi. Chigwereni pa chipulula chija ndinali ndisanapondeko. Mlongo wanga ankandiimbira kuti amayi akukufunani, ine n'kumati ndibwera nthawi ya kampeni, ndi galimoto, ndi nsalu za chipani, kuti anthu aone kuti sindinathe. Ndinakhala pansi pa mchenga pomwepo, pakati pa manda a anthu osawadziwa, ndipo ndinalira kulira koipa, kwa munthu wamkulu. Samir anaima pambali mpaka ndinamaliza. Suti ija ndinaikana.

Tsono ndikuuzeni zimene ndinachita, chifukwa kulira kokha sikuchiritsa. Madzulo a tsiku lomwelo ndinamwanso. Ndikunena kuti mudziwe kuti mowa suthawa chifukwa waona manda. Koma m'mawa mwake ndinapita kwa dokotala n'kunena zoona zonse, ngakhale za njanji zija. Anandiuza kuti munthu womwa mmene ndinkamwera ine sasiya yekha mwadzidzidzi, zikhoza kumupha. Anandigoneka masiku angapo, kenaka ananditumiza ku gulu la anthu olimbana ndi mowa limene limakumana mlungu uliwonse. Kumeneko munthu amatchula dzina loyamba lokha. Ulendo woyamba lilime linkayabwa kuti ndionjezere kuti ndinali phungu. Pambali panga panakhala munthu amene anali ndi kampani ya malole nthawi ya migodi, pano amagona m'galimoto. Ndinatseka pakamwa.

Ndinatuluka m'magulu onse a ndale a pa foni. Ndinaimbira wapampando wa komiti ya kudera kwathu n'kumuuza kuti sindidzaimanso. Ndinkaganiza kuti andichonderera. Anangoti, "Chabwino bwana, nanga ka mayunitsi mutumizabe?"

Abusa athuwa anandipezera chipinda ku Bentley, m'nyumba ya ana a sukulu, kumene ndinkadikira mzere wa bafa ndi anyamata a msinkhu wa mwana wanga. Ndinabwerera kwa Samir kukapempha ntchito ina iliyonse. Anandipatsa yosesa ndi kumata mapepala pa makatoni, mpaka lero ndili pomwepo. Kachipinda ka magalasi kaja pano amasungiramo mafuta ophikira. Ndinagwaponso mu mowa kamodzi, pa Khirisimasi, ndipo ndinakauza gulu lija mlungu womwewo.

Kwa mayi a Tadala ndinapita ndi abusa ndi ankhoswe athu a kuno. Ndinagwada. Anamvetsera zonse, kenaka anati, "Ndamva. Lamulungu muzibwera kudzadya. Za kubwerera m'nyumba musandifunse, ndidzakuuzani ndekha." Mpaka lero sanandiuze. Tadala amandilankhula, koma mwachidule, m'Chingerezi chake cha kuno, ngati akulankhula ndi munthu wa pa basi. Madzi akatayika saoleka. Ndikungotola pamene panyowa.

Nditagwira ntchito mokwanira ndinagula tikiti yopita kwathu. Sindinauze munthu wa ndale aliyense. Pa bwalo la ndege panalibe wondichingamira. Ndinakwera minibasi ya ku Nkhotakota, chikwama pamiyendo, pambali panga mayi wonyamula nkhuku. Pa sitolo za kwathu ena anandizindikira. Wina anakuwa kuti, "Bwana, mlatho munatilonjeza uja mwabwera nawo m'chikwamamo?" Anthu anaseka. Ndinawapatsa moni n'kupitiriza wapansi.

Mlongo wanga anandiona ndikulowa pabwalo. Sanathamange kudzandilandira chikwama. Anati, "Achimwene, mwabwera. Koma mwachedwa. Chaka chatha ankakutchulanibe dzina."

Amayi anali atakhala pa mkeka pakhonde, atachepa thupi, maso ali mbee. Ndinagwada n'kuwagwira dzanja.

"Amayi, ndine Yohane. Ndabwera."

Anandiyang'ana mwaulemu, mmene ankalandirira alendo. "Zikomo bambo. Mwayenda bwanji? Kwanu n'kuti?"

Ndinakhala nawo mwezi wathunthu. Ndinkawamwetsa phala, kuwatulutsa padzuwa, kuwadula zikhadabo. Tsiku lililonse ndinkawauza kuti ndine ndani, ndipo tsiku lililonse ankandithokoza ngati munthu wachifundo wodutsa m'njira. Ankauza mlongo wanga kuti mlendoyu mumupatse madzi osamba, asatione ngati anthu opanda khalidwe.

Tsiku lonyamuka ndinapita kukatsanzika. Anandigwira mkono n'kundikokera pafupi, ngati akufuna kundiuza chinsinsi.

"Bambo, inu mukuoneka kuti mumayenda m'tauni. Ndili ndi mwana wanga ku Lilongwe, ku nyumba ya malamulo. Ndi munthu wotanganidwa kwambiri. Mukakamuona mukamuuze kuti asavutike n'kufunafuna zoti anditengere. Angobwera, ngakhale chimanjamanja."

Ndinati, "Ndikamuuza, amayi."

Anamwalira mvula isanagwe chaka chomwecho.

Uthengawo ndinaulandira mochedwa, ndiye ndaubweretsa kwa inu. Ngati alipo amene akukudikirani, kaya kumudzi, kaya m'nyumba mwanu momwe, musadikire kuti mukhale kaye munthu wamkulu. Gulu lathu lolimbana ndi mowa limakumana Lachinayi madzulo. Amene akuchita manyazi kulowa yekha andipeze panja tikaweruka, tidzapitira limodzi pa basi. Ambuye atichitire chifundo tonse.